Nthochi Imene Ndinabisa m'Galimoto

Kapichi,
Thyolo.
8 Disembala 2024

Wokondedwa mwana wanga Martha,

Uli bwanji kumeneko, iwe, amuna ako a Ben ndi tiana? Wamng'onoyo chifuwa chija chinamusiya? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Bambo ako bondo lija limawavutabe kukazizira, koma akuyenda. Mvula yayamba bwino, tiyi waphuka, esiteti yonse yangoti biriwiri.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale pamene foni ilipo. Ukaimba, bambo ako amakhala pompo khutu lili tcheru, kenako amalanda foniyo. Nkhani iyi sindingainene iwo ali pafupi. Ndapatsira a Ramadhani oyendetsa thiraki aja, akuti adutsa ku Durban sabata ino.

Miyezi inayi yatha chibwerere, koma amayi anzanga a Dorika ku tchalitchi sanatope nawo ulendo wathu wa kwanuko. Amandikhazika pakati kuti ndifotokozenso. Ndimawauza za mlatho wa ku Tete umene ndinawoloka nditatsinzina, za mzere wa ku Beitbridge umene tinaima mpaka miyendo kutupa, ndi za Sabata limene tinapembedza ku Masvingo, eni ake akuimba m'Chishona ife tikuvomera m'Chichewa, nyimbo yake yomweyo. Amaseka kwambiri ndikafika pa bambo ako, munthu woti wayendetsa kagalimoto kake masiku anayi osalola kupitirira sikisite, mathiraki akutilizira mahutala m'mbuyo. Masabata asanu, Martha! Ine wa ku Kapichi kuno kuviika mapazi m'nyanja ya mchere! Unatichitira chinthu chachikulu, mwana wanga.

Ndimaseka nawo, koma mkatimu mulibe mtendere. Ndili ndi mantha, ndipo nsima ikundikanika.

Ukukumbukira Sabata lomaliza, titapita kukadya kwa agogo aja a mpingo wanu okhala kunja kwa tauni? Inu muli m'nyumba, ine ndinazungulira kuseri. Ndinaona nthochi zazifupi, zondifika m'phewa, koma mikoko yake yolemera mpaka kuchirikiza ndi mtengo. Mtima unangoti phaa. Ukudziwa mmene tilili akazi a kuno: sitibwera ku ulendo opanda mbewu. Chinangwa, maluwa, tsabola, chilichonse timathyola n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Agogowo Chizulu, ine Chichewa, tinamvana ndi manja. Dzuwa litalowa, tisananyamuke, anandikumbira ana a nthochi atatu.

Iwe unali utachoka kale pamene matenda a chisaka anatha nthochi kuno, ndiye sunaone. Masamba ankangothinana pamwamba ngati tsache, nthochi osabereka. Alangizi anati mankhwala ake palibe, koma kuzula zonse, kutentha, n'kudikira. Amene ankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti azule ndi bambo ako, poti ndiwo a tcheya a kalabu. Anatukwanidwa, mwana wanga. Wina anawathamangitsa ndi chikwanje. Patapita zaka ndi pamene tinalandira mbewu yopanda matenda yochokera ku Bvumbwe, ndipo tonse tinalonjezana pa msonkhano kuti mbewu ya nthochi yochokera kwina isalowenso m'mudzi muno.

Zonsezi ndinkazidziwa. Lonjezolo ndinakweza nawo dzanja.

Tsiku lonyamuka bambo ako anandifunsa kawiri ngati sindinatenge chomera chilichonse, chifukwa amandidziwa mkazi wawo. Ndinati ayi. Chonsecho ndinali nditakulunga ana a nthochi aja m'chitenje chonyowa, n'kuwalowetsa m'kati mwa bulangete lalikulu lija unandigulira, pansi penipeni m'buti. Pa boda iliyonse ndinkapemphera chamumtima kuti asapisemo. Tikaima kuti timwe mafuta, ndinkanamizira kufuna juzi kuti ndiwawaze madzi. Titawoloka pa Mwanza ndinayamba kuimba, bambo ako n'kumati mayi asangalala kufika kwawo. Ine ndinkasangalala kuti ndazembetsa. Uchitsiru wake!

Mmodzi anafera m'njira ndi kutentha kwa ku Tete. Wachiwiri ndinabzala kuseri kwa bafa, pamene bambo ako safikapo. Wachitatu ndinapatsa a Anesi.

A Anesi ukuwadziwa, anansi athu a kumunsi, amasiye aja amene ankakubereka kumbuyo ine ndikadwala. Athyola tiyi pa esiteti zaka makumi atatu mpaka msana kupindika. Chaka chatha ndi pamene anatula dengu, atabzala mapando makumi asanu ndi limodzi a mbewu yabwino ija. Amathirira okha ndi ndowa kuchokera ku mtsinje chilimwe chonse. Amati nthochi zimenezi ndiwo mwamuna wawo, ndiye penshoni yawo, ndipo ku esiteti adzapitako pokhapokha pa maliro a munthu. Ndiwo amene anatisungira nkhuku ndi nyumba masabata asanu aja. Ndikanawapatsa chiyani choposa mbewu ya ku Joni? Ndinawanong'oneza kuti asauze a tcheya. Anaseka, n'kuibzala pakati penipeni pa munda kuti aziiona bwino.

Mwezi wa Okutobala yanga ya kuseri kwa bafa inatulutsa tsamba lopyapyala, loimirira, m'mbali mwake mwachikasu. Ndinati ndi dzuwa. Linatuluka lachiwiri, lalifupi kuposa loyamba. Ndinati mwina ndi sopo wa m'bafa. Lachitatu litatuluka ndinaliyang'anitsa pa dzuwa, ndipo ndinaona timizere tija todukaduka m'mitsempha. Chinali chisaka. Bambo ako atapita ku Bvumbwe ndinaizula, kuiduladula, n'kuiponya m'chimbudzi.

Ndikanathamangira kwa a Anesi tsiku lomwelo. Sindinapite, Martha. Ndinkati mwina yawo ili bwino. Ndinayamba kuzungulira njira ya kumtunda popita ku chigayo kuti ndisadutse pa munda wawo. Ku tchalitchi ndinkakhala benchi lina. Masabata asanu ndi limodzi ndakhala ndikuthawa mayi woti sanandilakwire kanthu, uku ndikudziwa kuti tinsabwe takuda tija timene timanyamula matendawa sitidikira munthu.

Lachitatu lapitali bambo ako anabwera nkhope ili gwa. Akuti wina waona chisaka kumunsi, ndipo alangizi abwera Lachinayi likudzali kudzayendera minda yonse. Akuti pamene apeze matenda azula, ndi zoyandikana nazo zomwe, ndipo ngati zafalikira ndiye munda wonse. Anakhala pa khonde akudzifunsa kuti zalowa bwanji, poti mbewu anagawa okha ndi manja awo. Anati akamudziwa amene wabweretsa mbewu yachilendo amutchula dzina pa msonkhano, ngakhale atakhala mkulu wa mpingo. Ine ndinali pompo ndikusankha nyemba. Ndinangoti, abale, anthu ndi osamva.

Lero m'mawa ndinalimba mtima. Ndinapemphera, ndinamanga chitenje, ndinatsetsereka kuti ndikaulule.

Ndinawapeza ali chiimire pakati pa munda, manja kumbuyo. Nthochi ya ku Durban ija yapinimbira, yangoti nyankhalala ngati tsache lakutha. Zoizungulira ndinawerenga zisanu ndi zinayi zimene masamba a pamwamba ayamba kuthinana. Chonsecho kumapeto kwa munda mikoko yoyamba ili lende, yotsala masabata ochepa kuti adule.

Ndisanatsegule pakamwa, a Anesi anandigwira dzanja n'kugwada. Mayi wamkulu, msana wopindika uja, kugwadira ine m'matope! Anati ndiwakhululukire. Anati akhala akuchita manyazi kubwera kwathu, ndipo akuona kuti ndikuwazemba chifukwa ndamva. Akuti pamalo pamenepo m'pamene panali nthochi zawo zakale zodwala, ndiye kuti sanazule bwino mizu, matenda anatsalira m'nthaka. Akuti mphatso yanga yoyenda mayiko anayi, yodutsa maboda onse aja ili bwinobwino, yadzafera m'manja mwawo chifukwa cha ulesi wawo. Anati a tcheya akafunsa anena kuti mbewuyo anaitola okha ku msika, dzina langa lisaipe.

Kenako anati dengu lawo lakale lilipo, angolisoka lamba. Akuti Lolemba apita kukaonana ndi a kapitawo, poti nyengo ino esiteti imalemba anthu.

Martha, ukudziwa chimene mayi ako anayankha? Ndinati dzukani a Anesi, palibe kanthu, zimachitika. Ndinawakhululukira. Ndi pakamwa pangapa. Ndinawapukuta matope m'mawondo n'kubwerera kunyumba.

Ndikuopa bambo ako, munthu amene ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri osamunamizapo chachikulu chotere. Ndikuopa msonkhano, maso a mudzi wonse. Koma chimene chikunditha ndi kuganiza za a Anesi atabereka dengu m'mizere ya tiyi mvula ili pamsana, akudziimba mlandu umene si wawo.

Kalatayi ikufika Lachinayi litadutsa, ndikudziwa. Ndalembabe kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa zoona, kuti ndikalephera kulankhula undikakamize ndiwe. Ukangoiwerenga imba foni. Undifunse mosazungulira, bambo ako akumva, ngati ndawauza za bulangete. Ndikayamba kukamba za mvula, usandilole. Uwauze ndiwe, ndakupatsa chilolezo. Ndiponso upite kwa agogo aja ukaone nthochi zawo, uwachenjeze mwaulemu asapatsenso munthu wina. Iwo sanalakwe, wopempha ndinali ine.

Ine ndikungopemphera, mwana wanga, kuti pakamwa pangapa patseguke Lachinayi lisanafike.

Upereke moni kwa a Ben, uwathokoze chifukwa cha matayala aja anatigulira. Tiana utipsompsone, utiuze kuti agogo akusunga tizigoba ta ku nyanja tija pa windo. Ambuye akusungeni nonse, akutetezeni pa ntchito ndi pa msewu.

A Anesi nawonso akupereka moni. Anandikuwira ndili kale pa njira, akuti uwapepesere kwa eni ake a nthochi.

Ndine mayi ako,
Salome