Magazi pa Bulauzi ya Mvano

Kawale 2, Lilongwe
14 Ogasiti 2006

Alamu anga a Thandie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno tilipo, koma ndakwiya nanu.

Mphaka munatisiyira uja anayamba kukodza paliponse, timadontho tokhatokha, uku akulira. Pafoni munati ndi mwano, ndimukwapule. Ndinamukwapuladi sabata yathunthu. Lachinayi anakodzera bulauzi yanga yoyera ya Mvano, ndipo m'pamene ndinaona kuti mkodzowo uli ndi magazi. Adokotala a ziweto akuti timiyala tinatseka njira ya mkodzo, tikanachedwa tsiku limodzi akanafa. Ine ndinkamenya chiweto chodwala chifukwa cha nzeru zanuzo.

Tsono ndamva kuti mwauzanso achimwene anu, bambo a Irene, kuti zawozi ndi ukalamba chabe, asavutike ndi chipatala. Inu muli kutali. Amene ndimawaona akukhalitsa m'chimbudzi ndine, ndipo zimene ndinapeza pa kabudula wawo pochapa sindilemba pano.

Amamvera inu kuposa ine mkazi wawo. Aimbireni foni, mubweze mawu anuwo. Mphaka uja ankalira, mwina n'chifukwa chake wapulumuka. Achimwene anuwa salira.

Ndine mlamu wanu,
Zipora