Amayi ndi Mapulagi a ku Manassas

Manassas, Virginia
9 Novembala 2024

Okondedwa achemwali anga a Lenifa,

Pezani pokhala musanayambe kuwerenga, chifukwa nkhani ndili nayoyi yandidzadza mkamwa sabata yonse. Ndasankha pepala dala. Pa foni amayi amamva ngakhale ali kubafa madzi akutuluka, ndipo zina zimene ndinene muno sindikufuna zifike m'makutu mwawo. Kalatayi ibwera ndi Theresa, mnzanga wa kuntchito wa ku Dedza uja, akwera ndege Lachiwiri. Ine ndili bwino, kungoti ndatopa ndithu tsopano, nsapato akundimangira ndi alamu anu a Kingsley. Adokotala akuti mwana abadwa pakati pa Disembala.

Ndiyambe ndi kuulula. Mwezi wonse wa Okutobala ndinkakuuzani kuti amayi akusangalala kuno. Ndinkanama, achemwali. Amayi analongedza sutikesi, nandiuza kuti ndiwasinthire tikiti abwerere ku Ntcheu mwana asanabadwe. Ine amene ndinathamangira mapepala awo chaka chathunthu kuti tsiku langa likadzafika mayi wanga adzakhale pambali panga. Ndikawafunsa chimene talakwa ankangoti, "Palibe, mwana wanga. America ndamuona, ndakhuta." Ndinalira kangapo m'galimoto ndisanalowe kuntchito, ndipo ndinkaopa kukuuzani poti munandichenjeza kuti amayi sadzakhazikika kuno.

Nkhani yonse inayambira pa mapulagi. Mukudziwa lamulo lawo kunyumba: chilichonse chizimitsidwe pakhoma, mayunitsi sagwa kumwamba. Tsono masoketi a kuno alibe switchi. Amayi anafufuza khoma lonse, ataona kuti pothimitsira palibe anayamba kuzula. Ife tikatuluka m'mawa, iwo ankayendera nyumba yonse. Pobwera madzulo tinkapeza wotchi ya pa mayikulowevu ikuphethira, intaneti kulibe, TV ili zii. Filiji inapulumuka chifukwa pulagi yake ili kuseri, dzanja lawo silifika.

Amene anaona zakuda ndi alamu anu. Ali ndi chikompyuta chakale kuseri kwa sofa chimene amasungiramo mafilimu, ndipo chimatumiza mafilimuwo ku TV kudzera m'kabokosi kakuda kangati sopo wosambira. Kabokosi komweko ndi kamene timaonerapo za pa intaneti. Chikompyutacho chinkayenera kuyaka usana ndi usiku, ndipo chikazulidwa chinkanyanyala, kuchinyengerera mpaka chakudya kuzizira. Koma ndi mkamwini uti angauze apongozi ake kuti musagwire ichi? Munthu wamkulu, woyendetsa galimoto ya ku embase, akatsika sitima ankangofika kugwada kuseri kwa sofa n'kubwezera mapulagi mwakachetechete. M'mawa amayi n'kuzulanso mwakachetechete. Miyezi iwiri, achemwali, anthu awiriwa akupatsana moni waulemu wosaneneka, uku nkhondo ili mkati.

Ine ndinayesapo. Ndinati, "Amayi, kuno magetsi sakutha ngati mayunitsi, timalipira pakutha pa mwezi."

Iwo anati, "Ndiye koopsa kumeneko. Kudya usanamve mtengo."

Ndinkaseka, ndinkayesa ndi nkhambakamwa za ukalamba. Lachitatu lina miyendo inanditupa, a kuntchito anandibweza masana. Ndinatsegula chitseko, nyumba ili chete ngati mulibe munthu. Amayi ndinawapeza pa mpando wa patebulo, avala majuzi awiri, manja pamiyendo, akuyang'ana magalimoto pawindo. Chotenthetsa m'nyumba anali atazimitsa. Zovala zonse zositasita, pansi pokolopa, ntchito inatha kalekale.

"Amayi, mumakhala chonchi tsiku lonse?"

"Nanga ndizitani?"

"Si ndinakuonetsani popezera makwaya pa intaneti?"

"Ndinaonera tsiku limodzi, nyimbo zitatu. Kenako ndinaganizira bandulo ya apongozi."

Ndinawauza kuti ya kuno siitha, munthu angaonere mpaka maso kuwawa. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Chosatha ndi chifundo cha Mulungu chokha. Ine ndinabwera kudzathandiza, osati kudzadya magetsi a ana."

Achemwali, manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Ine ndimakhala maola khumi ndi awiri ndikusambitsa okalamba a eni, kuwadyetsa, kuwafunsa nyimbo imene akufuna. Wanga mayi anali atakhala yekha pa mpando miyezi iwiri, osamva liwu la munthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ine osadziwa. Sikuti America anawakhutitsa. Anawasungulumwitsa, ndipo ine ndinathandizira.

Wotipulumutsa anali Mutinta, nesi wa ku Lusaka amene amakhala chipinda cha pamwamba pathu. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe Jacinta, bapongozi banga nabo ni so chabe. Manje osakangana nabo, you can't win. Bapase ka meter baone beka." Anandibwereka kamita kakang'ono. Umakalowetsa pa soketi, chipangizo n'kuchilowetsa pa iko, ndiye kamalemba mawati amene chipangizocho chikudya nthawi yomweyo.

Loweruka tinakhala pabalaza tonse atatu. Amayi anavala magalasi awo a Baibulo. A Kingsley anatsegula kwaya pa intaneti, nalowetsa kabokosi kakuda kaja pa kamita. Kanalemba 4. Amayi anafunsa kuti zinayi zachiyani, ndiye tinayeza nyale ya pambali pa sofa kuti ayerekeze, inalemba 9. TV yeniyeniyo inalemba 70, amayi n'kugwedeza mutu ngati agwira mbava. Apo Satana anandilowa, ndinati dikirani, ndikatenge ayironi. Paja amayi amasita chilichonse, masokosi, matawulo, ngakhale tinsalu topukutira mbale, kuopa mphutsi, chonsecho zovala kuno zimauma m'makina, ntchentche osaziona n'komwe. Ayironi itangotentha kamita kanalemba 1,200.

A Kingsley anayang'ana kudenga, akubisa kuseka. Amayi anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Kenako anati, "Ndiye kuti wakuba m'nyumba muno ndine." Anaseka, achemwali, kuseka kwawo kuja kogwira m'mimba, koyamba chifikire kuno. Ine ndinaseka mpaka mwana anandimenya chidendene.

Tinkayesa nkhani yathera pomwepo, osadziwa kuti tapereka mfuti kwa msilikali. Kamita anakalanda. Anayeza ketulo, fani, chochajira foni, mpaka anafika kuseri kwa sofa. Chikompyuta chija, chili phee osaonetsa filimu iliyonse, chinalemba 65. Amayi anatembenukira kwa ine, alamu anu ali pomwepo, mkono umodzi kutalika kwake.

"Jacinta, uwafunse apongozi. Ichi chimagwira ntchito yanji anthu tili mtulo?"

A Kingsley nawo anayang'ana ine. "Uwauze amayi kuti chimadikira."

"Chimadikira ndani?"

Lolemba alamu anu anabwera ndi kadisiki kokwana m'chikhatho, kolowetsa mwachindunji pa kabokosi. Anayeza pamaso pa amayi, zonse ziwiri pamodzi zinalemba 6. Mafilimu akuchokera m'nyumba momwemo, intaneti osaifuna, ndipo ukamaliza umangozimitsa popanda chonyanyala. Chikompyuta chinapuma ntchito. Ine ndinachidandaula zaka zitatu osamveka, amayi anachigwetsa ndi mafunso awiri.

Panatsala nkhani ya intaneti. Kuno ku Manassas kuli zinyumba zikuluzikulu zopanda mawindo, zimangomera m'mbali mwa misewu. Amayi nthawi yonseyi ankayesa ndi mosungira fodya ngati ku Kanengo. Tikupita kutchalitchi a Kingsley anafotokoza, kudzera mwa ine monga mwa masiku onse, kuti muli makompyuta zikwizikwi, ndipo zimene timaonera pa intaneti zimachokera m'nyumba zangati zimenezo, zoyaka usana ndi usiku, zofunanso makina ozizira. Amayi anati, "Ndiye kamita kanabisa. Zinayi n'za m'nyumba mwathu, zinazo zikuyakira kwa eni." Alamu anu anati anthu oonera ndi ambirimbiri, gawo la munthu mmodzi ndi laling'ono. Amayi sanatsutse, koma anati zawo ziikidwe m'kadisiki, azidziwa pamene zili.

Tsopano gwirani mtima. Posamutsa zinthu kuchoka m'chikompyuta, a Kingsley anapeza vidiyo ya ukwati wanu. Tinaikopera kuchoka pa DVD chaka chimene tinkabwera kuno, ndipo ine ndinali nditaiwaliratu. Tinaitsegula Lamulungu masana titachokera kutchalitchi. Inu munaoneka owonda ngati bango, amuna anu akutuluka thukuta m'suti yobwereka, tonse tikuseka. Kenako pa TV panatulukira bambo.

Anali m'suti yawo ya bulawuni ija yaifupi miyendo, akukulowetsani mu holo, akuvina mwa phewa limodzi monga ankachitira. Nyimbo itasintha anaima pakati pa anthu, akuyang'ana uku ndi uku. Wojambula anali pafupi, mawu anamveka bwinobwino: "Amake Lenifa ali kuti? Ine sindivina ndekha."

Amayi, ali pa sofa ku Virginia, anayankha kuti, "Ndili pano."

Alamu anu anadzuka mwaulemu n'kupita kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale. Amayi anati ndibwezere. Ndinabwezera. Kachitatu anandilanda rimoti, ndipo batani limene ndinalephera kuwaphunzitsa miyezi iwiri analidziwa pa mphindi imodzi. Atatha anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje nati, "Munkati pa intaneti pali dziko lonse. Bambo ako analipo?" Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanamve liwu la bambo, ndipo ndinalira ngati maliro achitika dzulo, koma mtima unali wokondwa.

M'mawa mwake amayi anandituma kwa Mutinta kukaitana apongozi ake, mayi Nellie a ku Chipata, amene nawonso ankangokhala okha pamwamba pathu penipeni, denga lokha kuwalekanitsa. Anabwera kudzaona ukwati. Anakhala mpaka madzulo, akukangana ngati chitenje cha anamkungwi chinali cha ku Zambia kapena ayi. Mayi Nellie anabweretsa fulashi yawo ya makwaya a kwawo. Pano Lachinayi lililonse pabalaza pathu pamakhala amayi anayi, ena awiriwo anawapeza kutchalitchi. Amayamba ndi pemphero ngati ku Mvano, kenako makwaya, kenako ukwati wanu. Dziwani kuti ku Manassas ndinu otchuka, ndipo onse agwirizana kuti keke inali yopendekeka. Rimoti amagwira amayi okha. Akamaliza TV amaizulabe, koma intaneti ndi chotenthetsa m'nyumba azisiya, ndipo ndikabwera kuntchito ndimamva phokoso ndili pa masitepe.

Za tikiti sindinafunsenso, ndinkaopa kudzutsa chogona. Lachitatu lapitali ndinapeza sutikesi ili pamwamba pa wadiropu, yopanda kanthu, madiresi ali pa mahang'ala. Ndinayang'ana amayi. Iwo anati, "Ukuyang'ana chiyani? Kandigulire ulusi, mwana wa Disembala kuno afuna chipewa." Akhala, achemwali. Akhala mpaka Febuluwale.

Pempho langa ndi ili. Mu envulopumu muli fulashi yatsopano. Theresa abwerera kuno pakati pa Januwale, ndiye muidzadze. Mujambule amayi a Mvano akuimba, ana anu akupita kusukulu, msika wa Loweruka, ngakhale mbuzi zija zimawasowetsa mtendere. Musavutike kutumiza pa foni, bandulo yanu ndiye imathadi. Ngati DVD ya chinkhoswe changa ikadalipo m'kabati, mupite nayo kwa ojambula pa boma aikopere, mwina namonso muli bambo.

Ndikudziwa kuti chimwemwe changachi chakudyerani inu. Ndinu amene mwakhala ndi amayi zaka zonsezi ine ndili kutali, ndipo Khirisimasi ino mukhala opanda iwo chifukwa cha ine. Mundikhululukire. Sindikanatha kulowa m'chipatala muja ndekha.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti suti ija tikuionabe. Moni kwa ana anu Mable ndi Natalie, mayi awo aang'ono akuwasungira nsapato. A Kingsley akuti moni wambiri. Amayi andiona ndikulemba, ndipo ati ndiikemo mawu awo monga anenera, osachotsa kapena kuwonjezera: "Umuuze Lenifa kuti mvula ikagwa adzale, asandidikire. Mbewu ili m'ndowa ya buluu kuseri kwa chitseko changa. Ayambire kumtunda, kumene ankayambira bambo ake."

Inu mukudziwa kuti chimwalirire bambo, amayi sanalolepo munthu wina kuponya mbewu yoyamba m'munda umene uja. Atanena mawuwa analowa kuchipinda, ndipo ine sindinawatsatire. Tsiku lodzalalo wina agwire foni, achemwali, muwajambulire mzere woyambawo. Adzauonera kuno, mdzukulu ali m'manja.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Jacinta