Machesi a m'Khoma la Kalavani

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Wakefield tilipo. Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda, ndi miyezi isanu ndi iwiri chiikireni bambo a Tadala. Ndimadya, ndimagona, Lamulungu ndimapita kutchalitchi. Anthu akandifunsa ndimati ndili bwino, ndipo sindikudziwa ngati ndikunama kapena ayi. Ndalemba chifukwa pali mawu amene ndinakuuzani onena za mkamwini wanu, ndipo ndiyenera kuwabweza. Koma ndiyambe ndi nkhani zapakhomo, monga munandiphunzitsira.

Tadala ndi mkazi wake ku Sheffield ali ndi mwana wamkazi, anabadwa ndi makilo atatu ndi theka. Amutcha dzina lanu. Kadimba kanga kobwereka kaja kanapatsa maungu asanu ndi anayi ndi nkhwani wambiri. Chimanga ndinabzala mapando 40, chinakhwima zisononkho 14 zokha, dzuwa la kuno ndi laulesi. Bondo lamanzere likuvutabe pokwera masitepe, amene ndi 13.

Mukukumbukira kalavani yathu, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto kamene ndinakutumizirani chithunzi chake, inu n'kufunsa ngati tasamukira m'ngolo? M'mbali mwake monse muli mkombero wa aluminiyamu, ngati wa lichero, wotseka polumikizana makoma ndi denga kuti mvula isalowe. Umagwiridwa ndi masikuluwu 118. Chifukwa cha kugwedezeka kwa pamsewu, ndi kuzizira kosinthana ndi kutentha, masikuluwu amakhwefuka pang'onopang'ono. Imeneyi inali ntchito ya bambo a Tadala. Ine ndinkangowaonera pawindo la kukhitchini.

Atamwalira ndinaitenga ntchitoyo. Loweruka lililonse ndinkazungulira kalavani ndi sikuludilaiva, kukhwimitsa iliyonse mpaka dzanja kuwawa. Munkanena kuti mtolo wa nkhuni sumangidwa ndi ukali, luzi limaduka. Ndinakumbukira mochedwa. Pofika mwezi watha masikuluwu 17 ankangozungulira osagwira kanthu, chifukwa ndinali nditakulitsa mabowo m'thabwa la m'kati. Mkombero unayamba kutukuka pakona, madzi n'kudontha pamwamba pa bedi.

Ndinafunsa a Mwale, bambo wa ku Zambia amene timapemphera nawo, nawonso ali ndi kalavani. Anayang'ana n'kuseka. "Amai, mwamanga maningi. Fakanimo chabe machisa na guluu, mudule mitu, ziume. Ndiye nzeru ya ise osauka." Ankatanthauza kuti ndamangitsa kwambiri, ndiike machesi m'mabowomo. Anatinso ndichotse mkombero wonse, ndipale phula lakale, ndiike latsopano la m'chubu, ndipo sikuluwu iliyonse ndiiviike nsonga m'phulalo kuti isamasukenso. Pomanga, ikangogwira ndisiye.

Apa ndiye pali nkhani yanga, Amayi.

Mukudziwa kuti chitofu chathu cha gasi timayatsa ndi machesi, ndipo ine ndimadziwa kuti patsiku timagwiritsa ntchito atatu. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo anayamba kusowa. Ndinkalemba kachizindikiro pakalendala, kamodzi pa kamtengo kalikonse. Bambo a Tadala ankatsokomola, ankakhalitsa m'kalavani okha. Ine namwino wa zaka 34 pantchito, ndinaphatikiza ziwirizi n'kupeza fodya. Nditawafunsa anati, "Ndi za kalavani, mayi a Tadala." Ndinawayankha kuti kalavani siisuta. Sanabwerezenso.

Kenaka ndinakuimbirani foni. Inu simukanatha kudzudzula mkamwini pamaso, choncho munatuma malume a Yohane. Ndinali pomwepo pamene foni inalira. Bambo a Tadala anaimirira, mkulu wa mpingo wa imvi zake, foni ili m'manja awiri, akungoti, "Ndamva, malume. Ndamva. Muwauze amayi ndamva." Mawu ochokera kwa apongozi satsutsidwa. Ine ndinatenga kusatsutsako ngati kuvomera. Chifuwa chitawagoneka m'chipatala, madokotala anatchula fumbi la kumalo osungira katundu kumene anagwira ntchito zaka zambiri. Ine ndinagwedeza mutu, mumtima ndili ndi yankho langa. Ana ndinawauzanso yankho langalo.

Lachiwiri lapitalo ndinachotsa mkombero. Ndinaika masikuluwu m'mbale motsatana, kuti iliyonse ibwerere pamalo pake. Nditapala phula lakale ndinaona kuti mabowo ena ali ndi timitengo toyera m'kati, todulidwa bwinobwino molingana ndi khoma, tomata ndi guluu. Titatu pabowo lililonse. Ndinatenga tochi ndi magalasi anga owerengera. Mabowo otere analipo 62.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa makalendala akale pamwamba pa kabati, ndinawerenga zizindikiro. Zinakwana 186. Ndinawerenganso kuyambira kumapeto. 186.

Ndinakhala pa sitepe ya kalavani kuyembekeza kuti ndilire. Misozi sinabwere. Basi ya ku Leeds inadutsa kawiri. Kenaka ndinaona kuti mitambo ikuda ndipo khoma lili pululu, ndiye ndinadzuka kukapitiriza ntchito.

Ndili mwana munkandipeza madzulo pakhomo pa khola ndikuloza ndi chala, inu n'kunena kuti, "Esnati, kuwerenga nkhuku si kuzidziwa." Ndinkaganiza kuti mukunena za nkhuku. Nambala yanga inali yolondola, Amayi, sindinaphonye ngakhale kamtengo kamodzi. Zaka zisanu ndi zinayi munthu ankatseka mabowo kuti mvula isandidonthere ndikagona m'kalavani tikapita kunyanja ya kumtunda kwa Newcastle, ine ndikununkhiza malaya ake.

Mabowo 17 anga aja ndawakonza monga ankachitira iwo. Ndinatenga machesi 51 kukhitchini, ndinadula mitu ndi lumo, ndinaviika m'guluu, ndinadikira tsiku lathunthu. Pakalendala sindinalembe kanthu. Pomanga ndinkati ikangogwira, ndichotse dzanja. N'kovuta kuposa kukhwimitsa. Mvula yagwa masiku atatu, pabedi ndi pouma.

Tsopano pempho langa. Sindikudziwa ngati kumeneko apongozi ndi mkamwini amapewanabe panjira. Ngati n'choncho, musatumenso munthu. Aitaneni nokha, ngakhale mutayang'ana kumbali, muwauze kuti mawu aja mwawabweza, ndipo amene analakwa ndi mwana wanu. Mukawauza adzangoti "ndamva", mukuwadziwa. Muwauzebe.

Ine mbali yanga ndi iyi. Loweruka ndiimbira foni malume a Yohane, akadali moyo ngakhale makutu avuta, ndidzakuwa mpaka amve. Lamulungu ana akubwera ndi khanda. Ndasiya dala kachigawo ka mkombero kosamanga, pafupi ndi chitseko, mabowo anayi. Ndidzamupatsa Tadala tochi kuti aone yekha ntchito ya bambo ake, kenaka ndidzamupatsa sikuludilaiva. Ndikulonjeza kuti sindidzaima kumbuyo kwake kumuwerengera.

Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Esnati