Ndinaulula pa Intaneti Kuti Amuna Anga Sakudya

Aphungu,

Mutu wanga waima, ndithandizeni. Ndine telala, ndipo amuna anga amataipa kukhoti. Mwezi uno anawaika pa mlandu wa anthu anayi amene akuwaganizira kuti ankagulitsa zinsinsi za boma. Mlanduwu akuuzenga atatseka zitseko, atolankhani ali panja, ndipo amuna anga analumbira kuti sadzanena kanthu.

Pa intaneti ndiye pavuta. Ena akuti khoti lotseka ndi lachinyengo, ena akuti za chitetezo cha dziko sayanika pabwalo ngati zovala. Ndikawerenga woyamba ndimati akunena zoona, ndikawerenga wachiwiri ndimatinso akunena zoona. Tsiku lina mpaka ndinasokera mkono wa diresi la kasitomala mozondoka.

Ndiye mchimwene wanga, mphunzitsi amene akagwira foni amasanduka loya, analemba kuti onse ogwira ntchito pakhotipo anagulidwa. Ndinapsa mtima. Ndinayankha pompo, pagulu: "Achimwene, alamu anu amataipa komweko ndipo sanagulidwe. Chiyambireni mlanduwu akubweza mbale yodzaza, thalauza lawo ndalichepetsa kawiri."

Ine ndinkati ndikuwatchinjiriza. Tsiku lomwelo anthu anajambula mawu angawo n'kuwamwaza paliponse. Mbali ina ikuti, "Mwaona? Chikumbumtima chikumudya, akutaipa mabodza." Inayo ikuti, "Mwaona? Zomwe anthuwa anachita n'zoopsa, munthu mpaka wasiya kudya."

Lolemba amuna anga anaitanidwa ndi abwana awo, amene anawafunsa zomwe amakamba kunyumba. Akuti Lachisanu adzawauza ngati ntchito ikadalipo. Atabwera sanandikalipire. Anangoti, "Mayi a ana, ndiye m'chiuno mwangamu mwasanduka umboni?"

Achimwene akuti ndisafufute zomwe ndinalembazo, chifukwa anthu aziti andiopseza. Mnzanga wogulitsa nsalu akuti ndifufute lero lomwe. Koma chondichititsa manyazi n'chakuti inenso ndayamba kuwayang'ana amuna anga ndi diso la anthu aja. Chikuwalepheretsa kudya n'chiyani, bodza kapena zoopsa? Ndiwafunse?

F. K., wa kuseri kwa msika

Mayi F. K.,

Munachita chifukwa cha chikondi, koma munayankha mlandu umene simunaitanidwe. Madzi akatayika saoleka, choncho tiyeni tipulumutse amene atsala m'ndowa.

Kusokonezeka kwanu musachite nako manyazi. Funso lakuti khoti lotseka lingachite chilungamo si lachibwana, ndipo ofunsa si onse amene ali osokoneza. Nzika iliyonse ili ndi ufulu wofunsa, inunso muli nawo. Koma onani zomwe zachitika: thalauza limodzi lakwana mbali zonse ziwiri. Inu telala mukudziwa kuti chovala chokwana aliyense sichinayezedwe pa munthu. Anthu aja sakudziwa zomwe zili m'khotimo. Angobwereka njala ya amuna anu.

Musanafufute, jambulani zonse, kuyambira mawu a achimwene anu mpaka yankho lanu, tsiku likuoneka. Kenako fufutani, ndipo musalembe china chofotokozera, chifukwa nachonso adzachimwaza. Lembani kalata yaifupi kwa abwana a amuna anu yonena zoona zokhazokha: kuti amuna anu sanakuuzeni kanthu, munangolemba zomwe munaona pa mbale ndi pa tepi yanu yoyezera. Muwaonetse kaye eni ake, apereke okha Lachisanu lisanafike. Ngati kuntchito kuli bungwe loimira antchito, akalione mawa.

Achimwene anu muwaimbire, osati kuwalembera. Muwauze kuti mtsutso wawo apitirize, koma alamu awo awachotsemo. Ntchito ikatha, a pa intaneti aja sadzabwera kudzafunsa ngati ana adya.

Za kuwafunsa amuna anu, ayi. Mukawafunsa muwapatsa zosankha ziwiri, kuswa lumbiro kapena kukanira mkazi wawo, ndipo zonse n'zowawa. Mwina sakudya chifukwa tsiku lonse amakhala chete pakati pa anthu amene moyo wawo uli pa sikelo. Akapitiriza kuonda, pitani nawo kuchipatala.

Chenjezo langa ndi ili: kuntchito awafunsa kale, pa intaneti akuwafunsa, mlamu wawo akuwafunsa. Malo amene atsala osafunsidwa ndi patebulo panu pokha. Ikani mbale, foni muisiye m'dirowa ya mashini, ndipo akasiya chakudya, vundikirani mwakachetechete. Thalauza mukhoza kulichepetsa kachitatu popanda kuuza dziko.

Aphungu