Dzina la Bambo pa Fomu ya Nyumba

Iowa, 9 Novembala 2019

Okondedwa achimwene Gerrit,

Ndikhulupirira muli bwino ku Oregon kuko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno chimanga chachedwa kuuma, anthu akukololabe kuzizira kutafika kale. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni paja ndinakunamizani. Ndinati bambo achoka pakhomo chifukwa chotopa ndi phokoso la ana anga. Si zoona ayi, ndipo bodzali likundisowetsa mtendere.

Mukudziwa kuti nyumba tinakuliramoyi sinakhalepo yathu, zaka makumi anayi bambo akungochita lendi. Eni ake atamwalira, ana awo anatipatsa mpaka kutha kwa Okutobala kuti tigule kapena tisamuke. Nanga ine ndi alamu anu a Lonnie ndalama yoperekeratu tikanaitenga kuti? Njira inali imodzi basi, ngongole ija boma limaikira kumbuyo anthu akumudzi, yosafuna kuyamba wapereka kanthu.

Tinapita atatu, ine, a Lonnie ndi bambo, kwa Mayi Oberholt, amene amaona za ngongolezi ku banki ya m'tauni. Pa mapu awo nyumba inalowa bwinobwino m'dera la kumudzi. Koma ngongoleyi ndi ya mabanja opeza zochepa, ndipo amawerengera wamkulu aliyense wogona m'nyumbamo, ngakhale amene sakukongola nawo. Atangophatikiza penshoni ya bambo ndi zimene amalandira poyendetsa lole ya chimanga ya a Harlan Tjaden, tinapyola malire pang'ono chabe. Mayiwo anavula magalasi n'kupepesa.

M'galimoto a Lonnie anati, "Aaa, nanga abwera kudzawerenga mabedi? Tingochotsa dzina la bambo pa fomupo, tinene kuti amakhala kwina."

Achimwene, ndiulule. Ine ndinakhala chete, koma mumtima ndinali nditavomera kale.

Bambo anati, "Mkamwini, inu mumanama ngakhale kukula kwa nsomba imene mwagwira, zimenezo timangoseka. Koma bodza papepala la boma, mwana wanga n'kusayina pansi pake? Iyayi."

"Ndiye siyani ntchito ya loleyo," ndinatero ine.

"Kuti ndizikhala pakhonde n'kumawerenga magalimoto odutsa? Iwe, ukufuna undiike m'manda Khirisimasi isanafike?"

Lachiwiri lotsatira pobwera kuntchito ndinapeza chipinda chawo chili mbee, ngakhale chithunzi cha malemu mayi palibe. Anali atasamukira m'kalavani yakale ya a Harlan kuseri kwa khola la nkhumba, ija amagonamo aganyu nthawi yokolola. A Harlan omwe aja amakangana nawo chaka ndi chaka za mbewu yobereka bwino! Bambo anasintha adiresi ku positi, pa laisensi, mpaka kutchalitchi. Kenako anavala jekete lawo la Lamulungu n'kupita okha ku banki.

Mayi Oberholt anandifotokozera pambuyo pake. Akuti anawafunsa, "Bambo, mwachokadi, kapena ndi za papepala chabe?" Iwo anatulutsa kiyi wa nyumba m'thumba n'kumuika patebulo. "Mudzampatse mwana wanga tsiku losayina." Mayiwo akuti zaka zonse agwira ntchitoyi sanaonepo zotere.

Tinasayina Lolemba pa 28 Okutobala. Nyumba ndi yathu, achimwene! Pochokera ku banki ndinathamangira ku kalavani kuja.

"Zatha bambo, longedzani tizipita. Palibenso amene adzafunse."

Anandiyang'ana modabwa. "Mayi aja ndinawauza kuti ndachoka. Sindinanene kuti ndachoka mpaka Lolemba."

Ndawakalipira, ndawanyengerera, ndalira pamaso pawo, koma mukuwadziwa. Ndimakwiya nawo, komabe kunena zoona sindinaonepo munthu wowongoka ngati bambo athuwa, ndipo ndimachita manyazi ndikakumbukira kukhala chete kwanga kwa m'galimoto kuja. A Lonnie nawo manyazi awagwira. Loweruka lapitali anakhala tsiku lonse akumata mipata ya kalavaniyo kuti mphepo isalowe, bambo ali pambali kuwauza kuti akulakwitsa.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Atumizireni bulangete lamagetsi, muzinena kuti mwaganiza nokha, chifukwa likachoka kwa ine alibweza. Komanso muziwaimbira Lamulungu lililonse, koma za kalatayi musatchule.

Ana akupereka moni, akuti mubwere chaka chisanathe. Mundiperekere moni kwa onse kumeneko. Wa bambo sindingaupereke, poti sakudziwa kuti ndikulemba. Dzulo tinawaitana kudzadya nafe. Ndili kukhitchini ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinawapeza ataima pa masitepe amene anamanga ndi manja awo, chipewa chili m'manja, akumwetulira.

"Odi! Eni nyumba alimo?"

Achimwene! Ndinangowagwira dzanja n'kuwalowetsa.

Ine mlongo wanu,
Marlys