Thamositati Inali pa Friji

Ayi Fanny, hita sinawonongeke, usaitane wokonza. Ndafufuza ngati wapolisi ndipo wolakwa ndamugwira. Thamositati yopanda mawaya ija, yoyeza kutentha n'kulamulira hita, inali pamwamba pa friji, pamene pamatuluka mpweya wofunda, itafunditsidwanso kansalu koluka kamene amayi anatitumizira. Iyo inkayesa kuti tili mu Ogasiti, mwezi wotentha kudziko la eni kuno, n'kumauza hita kuti ipume, uku mwana wathu Watipaso akutsokomola ndi kuzizira kwa Januwale wa kuno.

Ndaipachika kuchipinda kwa mwanayo, pakhoma la mkati, kutali ndi zenera komanso hitayo. Uisiye pa madigiri 22.

Pepa sindinakudzutse, basi ya kuntchito ku Al Duhail siidikira munthu. Chifuwa chikapitirira mpaka masana, undiimbire, ndipempha kuweruka msanga tipite naye kuchipatala.

Koma kansaluko anaifunditsa ndani?