Nkhono za Mdzukulu Wanga

9 Malichi

Okondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndilipo, poti munthu wosafa amati alipo.

Mdzukulu wanga uja, amene ndinamulera mayi ake atatisiya, akumaliza ku koleji. Anzake akuphunzira unamwino, iye akuweta nkhono za m'mitsinje, zija za zigoba ziwiri, akuti ndiwo mayeso ake omaliza. Anaziika m'mabeseni agalasi kuchipinda chakuseri, n'kumazilonjera m'mawa asanalonjere ine.

A ku koleji atamutumiza kutali kukayeza mitsinje, anati, "Agogo, muzizisinthira madzi. Muzitunga m'zigubu izi basi." Nditatsegula chigubu, madzi ake mbuu, pansi pali zoyera ngati choko. Ndinati ngakhale galu sangamwe. Ndinakhuthula zonse, ndinatsuka, n'kutchera madzi a mvula oyera mbee. Mwezi wathunthu ndikusenza ndowa ndi msana wangawu.

Atabwera anatola imodzi, chala chinangolowa, phwa, ngati dzira. Zing'onozing'ono zonse zinali zitayasama.

"Agogo, mwazipatsa chiyani?"

Ndinati, "Madzi abwino, osati litsiro unasiya lija."

Anakhala pansi. Akuti zoyerazo ndi kashiyamu, chomangira chigoba, ndipo anachita kuyeza yekha. Madzi a mvula alibe. Akuti nkhono ikachisowa imasungunula chigoba chake chomwe kuti magazi ake akhale bwino, mpaka kutha. Ndinati, "Nanga pakamwa unalibe? Ukanandiuza!" Anati, "Mukanamva?"

Mayeso ake apita, abwerezanso chaka. Akanandilalatira bwenzi zitatha, pakamwa ndili napo. Koma ayi. Anagula loko. Chipinda chimene ndinkamusinthiramo matewera, lero ndimachiona pa kabowo ka kiyi. Akaphika amandiikira chakudya mwaulemu ngati mlendo wa kutchalitchi. Dzana ndinamumva pafoni akuuza amalume ake kuti, "Akula, akufunika wowayang'anira." Ine! Amene ndinamuyang'anira chikuku chitamufunda thupi lonse!

Sindinapepese. Mawuwo amafika pakhosi n'kubwerera, umandidziwa.

Tsono ndifunse, kachipinda kako kosungira makasu kaja kadakali kopanda munthu? Sindidya zambiri masiku ano. Ndikufuna ndichoke ndi miyendo yanga asanandinyamule ngati katundu.

Upereke moni kwa alamu ndi ana onse. Ukayankha, ulembere ine, osati iye. Ndipo ukadzabwera kudzanditenga usadzamunyoze, wawonda kale mwanayu. Kumunyoza ndi kwanga.

Ndine mkulu wako,
uja wa pakamwa.